Mukangogwira chitsekocho, tikaonana kukhoti

Munthu anakhala m'nyumba ya amayi anga ku Chilomoni miyezi isanu ndi itatu osalipira lendi, ndipo amene ankagona ndi mantha a khoti anali amayi, osati iye. Anasamuka kale, m'nyumbamo muli banja lina, koma nkhaniyi sinandichoke mumtima. Imabwerera ndikangomva munthu akudandaula za tenanti wovuta, kaya pa WhatsApp kaya mu minibasi, wina n'kuyankha mosavutikira kuti: "Ingozulani chitseko, mawa lomweli achoka yekha." Nafenso tinafika pomwepo. Kalipentala anachita kubwera pakhomo ndi hamala yake. Ndikufuna ndifotokoze chifukwa chake chitsekocho sichinazulidwe, komanso zimene tinataya posachizula.

## Nyumba yakumbuyo

Malemu bambo anagwira ntchito ya njanji ku Limbe, nthawi ya Malawi Railways. Ndalama zimene analandira popuma anaumbitsira njerwa, n'kumanga nyumba ya zipinda ziwiri ndi pabalaza kumbuyo kwa nyumba yathu, mumpanda womwewo. Ankanena poyera kuti akumangira akazi awo, chifukwa amayi sanalembedwepo ntchito kwina kulikonse. Lamulo lokakamiza olemba ntchito kusungira antchito awo penshoni linayamba mu 2011, anthu a msinkhu wa makolo anga atakula kale, ndipo ngakhale lamulolo silimufikira mayi amene moyo wake wonse wagulitsa mandasi ndi tomato pakhomo. Penshoni ya amayi ndi nyumba yakumbuyo ija basi.

Ndikutsindika zimenezi chifukwa tikamva za landilodi timaganiza za munthu wa nyumba khumi ku Namiwawa kapena ku Nyambadwe. Alipo otero. Koma tayendani mu Chilomoni, mu Ndirande, ku Bangwe, ku Zingwangwa, ku Machinjiri, mufunse mwini nyumba ndi ndani. Mupeza amayi amasiye, aphunzitsi opuma, ana amene makolo anawasiyira puloti ndi azing'ono oti alipirire sukulu. Malawi Housing Corporation yakhalapo kuyambira mu 1964, koma nyumba zake sizinakwanire anthu a mumzinda muno, ndipo ambirife timagona m'nyumba za anthu ngati amayi anga. Ineyonso ndine tenanti ku Nkolokosa. Ndikudziwa mmene pamimba pamatenthera deti ikafika 30 ndalama isanaoneke.

Kwa amayi, lendi ikamalowa imakhala ili kale ndi eni ake: mankhwala a BP ndi shuga ku famase, bilu ya madzi, msonkho wa khonsolo, ufa, makala. Ikachedwa, amayi amayamba kudumphitsa masiku omwera mankhwala osauza aliyense. Timadzazindikira miyendo itatupa.

## Anali anthu abwinobwino

Analowa mu 2021, bambo, mayi ndi ana awiri. Abambowo ankagwira ntchito m'sitolo ina yopikulitsa katundu ku Limbe. Panalibe chosainirana. Anakhala pakhonde, anagwirizana mtengo, amayi anapereka makiyi. Kwa zaka ziwiri ndalama inkalowa pa Airtel Money mwezi usanafike pa 5, ndipo amayi ankalemba m'kope lawo la mizere, lija amalembamo chilichonse: tsiku, ndalama, wopereka. Ana ankawatchula amayi kuti agogo. Akaweruka kusukulu ankafikira kukhitchini kwathu, makolo awo asanabwere.

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atawomba, kwathu sikunaonongeke ngati ku Chilobwe ndi m'munsi mwa phiri la Soche kumene matope anakwirira anthu, koma khoma la mpanda la kumbuyo linagwa. Ine ndinali kutali ndi ntchito. Abambo aja anagula simenti, anaitana mmisiri, anatola njerwa zomwe zija n'kulidzutsa khomalo. Amayi anathokoza kwambiri, ndipo anawauza kuti mwezi wotsatira asalipire. M'kope analemba kuti: "Epulo 2023, salipira, za khoma."

Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo chilichonse chinakwera, mankhwala omwe. Tinakhala nawo pansi n'kuwauza kuti kuyambira Januwale 2024 lendi ichoka pa K90,000 kufika pa K120,000. Anadandaula, monga mmene inenso ndinadandaulira kwa a landilodi anga mwezi womwewo, koma anavomera. Januwale analipira K120,000, Febuluwale chimodzimodzi, Malichinso.

Mu Epulo ntchito inawathera.

## "Muli ndi pepala lanji?"

Mwezi woyamba palibe anafunsa za ndalama. Amayi ankawapatsira ndiwo. Mwezi wachiwiri ndinapita kukacheza nawo, ndipo anati: "Achimwene, mundipirire mwezi uno wokha, ndikudikira ndalama zanga kuntchito kuja." Ndinawakhulupirira, ndipo mpaka lero ndikuganiza kuti tsiku limenelo ankanena zoona.

Koma miyezi ikamapita zinthu zinasintha. Anayamba geni yogulitsa machaja ndi makava a foni ku Limbe, ndipo ndalama pang'ono inkaoneka: mayunitsi a magetsi ankagula, mpira pa TV sunkawadutsa, Loweruka ankabwera atalawako. Sindikunena kuti munthu wangongole asadye kapena asaonere mpira. Chinkandipweteka n'chakuti ngakhale K20,000 yosonyeza kuti akukumbukira, sanaperekepo. Anasiya kupereka moni. Ankatuluka m'bandakucha, kubwera anthu atagona. Manyazi onse anawasiyira akazi awo, amene anayamba kuchapa kusanache kuti asakumane ndi amayi pampopi. Madziwo ndi a mita imodzi, ya dzina la malemu bambo, ndipo amene ankalipira ndi amayi.

Mu Ogasiti ngongole itafika K600,000, ndinawadikira pageti mpaka usiku. Ndinawauza mwaulemu kuti ngati zikuvuta, ndi bwino apeze nyumba yotsikirako mtengo, za ngongole tikambirana pang'onopang'ono. Munthu amene anandiyankha sanali uja anadzutsa khoma.

"Achimwene, malamulo mumawadziwa inu? Muli ndi pepala lanji losonyeza kuti ndili ndi ngongole? Lendi munakweza nokha, sindinasainire paliponse. Khoma lija ndinamanga ndi ndalama zanga, K500,000, mpaka lero simunandibwezere. Ndili ndi msuweni wanga ndi loya. Mukandivutitsa tikaonana kukhoti, ndipo amene adzalipire mnzake ndinu."

Amayi ankamva ali pawindo. Kuyambira usiku umenewo tulo tinawathawa. Kwa anthu a msinkhu wawo, khoti ndi kumene amapita akuba ndi opha anthu, ndipo kungotchulidwa dzina kumeneko ndi chitonzo cha banja lonse. Wina kumpingo anawonjezera moto powauza kuti munthu akakhalitsa m'nyumba, khoti limatha kumupatsa nyumbayo. BP inakwera. Anandiuza kuti: "Mwananga, asiye. Ndalama ndi chiyani? Bola asatilande nyumba ya bambo ako." Mayi amene akudyeredwa ndiye ankapempha kuti wowadyerayo asakhumudwitsidwe. Zimenezo zinandiwawa kuposa K600,000.

## Loweruka lija

Nkhani inawapeza amalume ku Lunzu. Iwo ali ndi timanyumba tawo ta lendi, ndipo amanyadira kuti palibe anawagonerapo ndi ndalama miyezi iwiri. Loweruka lina m'mawa amayi anandiimbira: "Tabwera msanga, amalume ako abwera ndi mmisiri."

Ndinapeza geti lili pululu, anthu oyandikana nafe ataima panja, ena atasenza zidebe zawo. Kalipentala anali atakhuthula kale chikwama chake pasitepe ya nyumba yakumbuyo: hamala, chitsulo chozulira misomali, sikuludiraiva yomasulira mahinjesi. Amalume ankalankhula mokweza kuti onse amve. Lero chitseko chichoka, mawa malata, tione ngati loya wakeyo adzamufunditse bulangete.

Ndinkayembekezera kuti abambo aja atuluka ndi ukali, mwina ndi chikwanje, kapena adzitsekera m'kati. Anatuluka mwachifatse, atavala vesiti ndi masilipasi, foni ili m'manja, ikujambula kale. Anatchula tsiku ndi nthawi mokweza, ngati wowerenga nkhani pa wailesi. Analozetsa foni kwa amayi: "Awa ndi a landilodi." Kwa ine: "Uyu ndi mwana wawo." Kwa amalume: "Awa sindikuwadziwa, koma alowa pakhomo panga ndi zida." Anajambula hamala ija pafupi. Kenako anatembenuka n'kuitana akazi awo kuti atuluke ndi ana akhale pakhomo penipeni.

Mayiyo sanafune. Anachita kuitanidwa kachiwiri. Anatuluka atagwira wamng'ono padzanja, anakhala pansi m'mbali mwa chitseko, anangoti zyoli, nsonga ya chitenje ili pakamwa. Wamkulu uja, amene ankadyera kukhitchini kwathu, ankayang'ana amayi ngati akufunsa kuti agogo, chikuchitika n'chiyani.

Ndiye abambowo anakankha chitseko n'kuchitsegula chonse, anachigwira ndi dzanja limodzi kuti chisabwerere, n'kunena kwa kalipentala: "Nachi. Zulani, bambo. Musaope."

Pamenepo m'pamene maso anga anatseguka. Munthu amene akuopa kuzuliridwa chitseko sachita kuchigwirira kuti mmisiri agwire bwino ntchito. Bamboyu ankalifuna tsiku limeneli. Kwa miyezi isanu nkhani inali yoti iye sakulipira, ndipo analibe choyankha chogwira mtima. Hinjesi imodzi ikanangomasulidwa, nkhani ikanakhala yoti mayi wina ndi abale ake anazulira chitseko banja la ana aang'ono, ndipo umboni wake ukanakhala mufonimo, nkhope zathu zonse zikuoneka. Chitseko chija chinali diwa lotchera kale, mbewa zake tinali ife.

Ndisanatsegule pakamwa, amayi anatsika pakhonde. Amayenda movutika, moti anatenga nthawi kuti afike, ndipo pabwalo ponse panangoti zii. Sanayang'ane foni ija. Analankhula ndi mlongo wawo.

"Achimwene, mubwezeni mmisiriyu. Pakhomo pano sipazulidwa chitseko ana ali m'katimo."

"Chemwali, munthu uyu akukudyerani masuku pamutu! Mufa ndi BP chifukwa cha chisoni chanuchi!"

"Ndamva, achimwene. Koma mubwezeni."

Amayi sankaganiza za malamulo. Ankaona ana. Koma mawu awo anachita zimene loya aliyense akanatiuza kuti tichite. Kalipentala, amene ankaoneka kuti wamasuka, analongedza zida zake msanga, ndinamupatsa ya minibasi, anapita. Amalume anatuluka osatsanzika.

Ine maso anga anali pa abambo aja. Nkhope inagwa. Sanaoneke ngati munthu wopulumuka, anaoneka ngati munthu amene zamulephereka. Anatsitsa foni, anaima kanthawi osadziwa chochita ndi chitseko chomwe anachigwirira chija, kenako anachisiya n'kulowa. Kuyambira tsiku limenelo mawu oti khoti anasiya kundiopsa. Ndinaona kuti munthu amene alidi ndi mlandu wolimba sadikira kuti mnzake alakwitse kaye. Ndinaganiza kuti ngati kukhotiko n'kumene akutiitanira tsiku ndi tsiku, tipita ife kukamudikira komweko.

## Kwa loya

Ndili ndi mnzanga amene tinaphunzira limodzi ku sekondale, pano ndi loya mutauni. Nditamufotokozera, mawu ake oyamba anali akuti: "Mukanazula, mukanamupatsa mphatso."

Anandifotokozera motere. Nyumba ndi ya amayi, palibe akutsutsa, ndipo tenanti wa zaka zitatu sangailande chifukwa chokhalitsamo. Koma munthu ukamulowetsa n'kumupatsa makiyi, pakhomopo pamakhala pake mpaka pangano litathetsedwa mwa njira yake. Kuzula chitseko, kusasula malata, kutseka madzi, kuika loko wako, kutulutsira katundu panja, kugwira TV ngati chikole, zonsezi zimamupatsa iyeyo mlandu woti akusumire. Akhoza kuthamangira ku High Court kukatenga chiletso, n'kubwerera m'nyumbamo ndi mphamvu ya khoti. Akhozanso kufuna chipukuta misozi cha katundu woonongeka kapena wosowa. "Akadzanena kuti pansi pa matiresi panali ndalama za geni, iwe udzatsutsa ndi chiyani, chitseko unachotsa ndiwe?" Anandikumbutsa kuti malamulo aakulu a dziko lino, mu gawo 21 ndi gawo 28, amateteza munthu kuti asalowereredwe pakhomo kapena kulandidwa katundu mwachisawawa, ndipo satchula kuti pokhapokha ngati alibe ngongole. Koma gawo 41 limapatsa munthu aliyense ufulu wopita kukhoti, ndipo aliyenseyo akuphatikizapo mayi wamasiye wa ku Chilomoni.

Za pepala anaseka pang'ono. Pangano la pakamwa ndi pangano ndithu, vuto lake ndi umboni basi. Nanga umboni tinalibe? Ndinabweretsa kope la amayi ndi mauthenga a Airtel Money. Munali miyezi itatu yotsatizana ya K120,000, yotumizidwa kuchokera pa nambala ya abambo aja. Munthu amene sanavomere mtengo watsopano saulipira katatu. Munalinso mzere uja wa Epulo 2023. Loya anauwerenga kawiri, n'kunena kuti kope limeneli tilisunge ngati ndalama.

Zotsatira zake zinali zosavuta kumva. Munthu wolipira mwezi ndi mwezi amapatsidwa notisi ya mwezi wathunthu, yolembedwa, pokhapokha ngati munagwirizana zina. Akapanda kutuluka, mumakasuma, kupempha nyumba ndi ngongole yomwe. Khoti likagamula iye n'kukanabe, omutulutsa ndi masherifi a khoti, osati inu, osati amalume, osatinso anyamata a pamsika. Kupolisi musatayeko nthawi, chifukwa ngongole ya lendi si mlandu wa upandu.

Notisi tinalemba m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Ndinapita nayo ndi amfumu a m'dera lathu ngati mboni. Abambo aja anakana kusaina, amfumu anasaina pa pepala lathu kuti aona ndi maso awo ikuperekedwa. Ndinaijambulanso n'kuitumiza pa WhatsApp, ndipo timizere tiwiri tija tinasanduka tabuluu. Seputembala yense anatha, sanatuluke. Mu Okutobala tinakatenga chisamani kukhoti la majisitireti.

## Amalume sanalakwe zonse

Ndikanama ndikanena kuti miyezi imeneyo inali yopepuka. Munthu amene wakusumira kale m'maloto ake ukukumana naye pageti, akutunga madzi amene ukulipira ndiwe, ndipo iwe sungatseke mpopi. Kuchokera Loweruka lija kufika tsiku losamuka panadutsa miyezi itatu, kutanthauza K360,000 ina pamwamba pa ngongole, osawerengera zolipira kukhoti ndi kangachepe ka mnzanga uja. Mankhwala a amayi tinkasonkherana ine ndi mlongo wanga. Amalume ankaimba foni n'kundiwerengetsera: kalipentala akanadya K5,000, malamulo ako adya zingati?

Funso limenelo sindilipeputsa. Anthu amazula zitseko osati chifukwa onse ndi ankhanza. Amazula chifukwa njira yoyenera ndi yaitali ndipo imafuna ndalama, pamene njala ili lero. Taganizirani gogo wa ku Ndirande amene ali ndi kachipinda ka K25,000 pamwezi. Tenanti akamugonera miyezi inayi, ngongole yonse siyikwana n'kulipira loya tsiku limodzi. Ukamuuza za notisi ndi chisamani, amakuyang'ana ngati ukumunyoza. Ndipo nthawi zambiri kuzulako kumagwiradi ntchito, chifukwa tenanti wake ndi wosauka kuposa iye, sadziwa kumene angakadandaule, amangonyamula mphasa usiku n'kumapita.

Apa m'pamene pamandivuta. Njira ya chitseko imagwira pa anthu ofooka okhaokha, mayi wa ana atatu amene mwamuna wamuthawa, mnyamata amene ganyu yamuthera, anthu oti mwina ukanakhala nawo pansi mukanamvana. Pa munthu wochenjera, amene akukudyera dala, imakubwerera. Ndiye ndi njira yolanga wolakwa pang'ono n'kulemeretsa wolakwa kwambiri.

Chimene ambiri sadziwa, ndipo amayi sankadziwa, n'chakuti kukhoti la majisitireti munthu amatha kukasuma yekha popanda loya, n'kudzilankhulira m'Chichewa. Palinso Legal Aid Bureau, imene inakhazikitsidwa kuti izithandiza anthu osakwanitsa kulipira loya, ndipo ili ndi ofesi mu Blantyre muno. Sinakhazikitsidwire matenanti okha. Ndikanakonda amfumu a m'madera ndi atsogoleri a mipingo akanamanena zimenezi pamisonkhano, chifukwa kumeneko n'kumene amayi ngati anga amamvera nkhani, zoona ndi zabodza zomwe.

## Pabenchi

Tsiku la mlandu, mu Novembala, amayi anadzuka usiku kukonzeka. Anavala chitenje chawo cha kumpingo, kope lili m'jumbo, jumbo ili m'chikwama. Mu minibasi sanalankhule. Titafika tinakhala pabenchi panja kudikira kuitanidwa, ndipo ndinawaona akuyang'ana uku ndi uku. Ankayembekezera maunyolo. Anaona amayi obereka ana kumbuyo odzasumira amuna osapereka chithandizo, anthu a banki m'khonde odzatsata ngongole zawo, bambo wachikulire wa nkhani ya njinga yamoto. Mayi wina amene anakhala pafupi nawo anawafunsa chimene abwerera, ndipo posakhalitsa ankacheza ngati ali pamzere wa kuchipatala. Amayi anandikodola n'kunong'ona: "Kodi ndi anthu ngati ife tomwe eti?"

Abambo aja anafika okha, atavala jekete. Msuweni wa loya uja sitinamuone, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Anaima patali kanthawi, kenako anabwera, ananjuta pamaso pa amayi.

"Amayi, tingakambirane tisanalowe?"

Za K500,000 ya khoma sanazitchulenso. Mnzanga uja analemba zimene tinagwirizana: atuluka pofika pa 30 Novembala, ngongole yonse ndi K960,000, azipereka K80,000 pamwezi kuyambira Januwale. Anaumirira kuti tisangosainirana panja n'kubalalika, koma tilowe, woweruza amve, zikhale chigamulo cha khoti. Woweruza anawafunsa abambowo ngati avomera mosakakamizidwa. Anati inde. Zonse sizinatenge nthawi yophikira nyemba.

Sindinasangalale monga ndinkaganizira. Ndinaona bambo amene ntchito inamuthera, anachita mantha, n'kusankha kuopseza gogo m'malo mopempha. Akanabwera mu Juni n'kunena kuti amayi, zandikanika, ndipatseni mwezi ndipeze kolowera, ndikudziwa bwino kuti amayi akanawakhululukira theka la ngongoleyo, mwinanso kuwafunira okha nyumba ina kudzera kumpingo.

Anatuluka pa tsiku lake. Galimoto itadzaza, mayi uja anabwerera yekha, anagwada pakhomo la kukhitchini, anabweza beseni limene anabwereka kalekale, n'kunena kuti: "Amayi, mutikhululukire." Amayi anawapatsira ana mandasi a m'njira.

## Zotsala

M'nyumbamo tinapeza galasi limodzi losweka ndi makoma ofuna penti. Tinakonza. Banja limene lilimo pano linasaina pangano la masamba awiri, la m'Chichewa, lonena mtengo, tsiku lolipira, notisi ya mbali zonse ziwiri, ndiponso kuti chilichonse chokonza panyumba tiyambe tagwirizana mtengo n'kulemba. Amayi poyamba ankaona ngati kusainitsa munthu n'kumuyesa wakuba. Amene anawamasula ndi tenanti watsopanoyo, amene ananena kuti pepalalo likumuteteza iyenso kuti asadzangodzuka lendi itakwera. Inenso ndinapita kwa a landilodi anga ku Nkolokosa kukapempha kuti tilemberane, ndipo anavomera.

Abambo aja analipira Januwale, Febuluwale ndi Malichi, K240,000 yonse pamodzi. Kenako anasiya. Yatsala K720,000. Tikudziwa kumene akukhala, ndipo chigamulo chili m'manja mwathu, moti tikhoza kubwerera kukhoti kukapempha kuti masherifi akagwire katundu. Amalume, amene tsopano tinayambanso kulankhulana, akuti tikuchedwa dala. Pa ichi chokha ndikugwirizana nawo. Ndalamayo ndi mankhwala a amayi a miyezi yambiri, ndipo munthuyu anavomera yekha pamaso pa woweruza. Ulendo uno palibe chobisika kapena chokakamiza, ndi njira yomwe ija ankatiitanira.

Amayi akukana. Akuti masherifiwo akakafika, chimene akapezeko cha mtengo ndi firiji imene mayi uja amagulitsira mafirizesi pasukulu, ndipo amene akalangike si amene anajambula vidiyo. Ndawauza kuti pali TV, pali katundu wa geni. Akuti sindikudziwa mmene nyumba imayendera, kuti chilichonse chochoka m'nyumba chimakathera pamutu pa mkazi. Ndalamayo ndi yawo, ndiye mawu omaliza ndi awo.

Mwezi wathawu ndinawatumizira abambo aja uthenga wowakumbutsa za chigamulo ndi ndalama yotsala. Anawerenga, sanayankhe. Amayi akuti ndidikire ana atsekere kaye sukulu, ndiye tidzakhalenso pansi ndi amalume pa nkhani ya masherifi.